Lumo la Amayi

Bodza limene limandiwawa mpaka lero ndi la lumo.

Alongo anga aakulu anabwera kuchokera ku Joni opanda katundu, khutu limodzi lodulidwa. Kumeneko anathawa mgodi n'kulowa gulu la mbava za m'makomboni, kenako anathawanso gululo. Apolisi ankawasaka, anzawo aja ankawasakanso.

Anandipeza ndikupalira mbatata kwathu ku Mphunzi. Amayi anali atamwalira, ndipo tonse tinameta maliro iwo kulibe.

"Mlongo wanga, ndimete," anatero. "Ndiwalire amayi ngati mwana wawo, kenako ndizipita."

Ndinaganiza za mesenjala wa boma, ndi tsitsi logwa pabwalo lomwe aliyense akanafunsa mwini wake. Ndinati lumo linasowa. Ndinafika mpaka pofunyulula mphasa ndi kugwedeza madengu, ndikudandaula mokweza kuti andikhulupirire.

Iwo anangoyang'ana m'udzu wa denga pamwamba pa chitseko, pomwe amayi ankasomeka lumolo chibadwire chathu. Nsonga yake inkaoneka.

"Usavutike," anatero, n'kuvala chipewa.

Analowera kwa Apwitikizi ndi tsitsi lawo, ndipo sitinamvenso za iwo. Lumolo ndimametera ana anga. Likadali lakuthwa.