Chitenje Chomwe Ndinavulira M'madzi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, omwe ankayendetsa lole yonyamula nandolo kuchokera pa Migowi. Paulendo wina anamva kuti hotela ina ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ikufuna mayi wosamalira gombe. Matipate anali atangolowa kumene, aliyense akuti zinthu zasintha, koma kwathu kunsi kwa Michesi chomwe chinasintha ndi mtengo wa feteleza basi. Ndinali ndi mwana mmodzi, bambo wake atalowera ku Mozambique osabweranso. Ndinamusiya mwanayo m'manja mwa amayi anga n'kukwera lole ija.

Ine madzi ndinkadana nawo. Napolo atatsika m'phiri muja anakokolola achemwali anga, a Felesi, ine ndikuonerera pachulu, manja ali lende. Choncho nditaiona nyanja koyamba, ndinalakalaka kubwerera kwathu. Koma njala sifunsa zomwe munthu umaopa.

Ntchito yake inkaoneka yophweka. M'mawa ndinkasalaza mchenga ndi reki, kutola zitsekerero za mabotolo ndi minga ya nsomba, kuyala mipando yogonapo alendo ndi kudzika maambulera. Kenako ndinkatsuka mabwato apulasitiki, kusanja nkhafi ndi kuyanika majekete oyandamitsa. M'madzimo munali chingwe chachitali chokhala ndi zigubu zofiira, malire a posambira alendo. Mphepo ya mwera ikayamba, tinkakweza mbendera yofiira n'kuliza wezulo kuti aliyense atuluke.

Kapitawo wathu anali a Saidi, bambo obadwira komweko, omwe ankasambira ngati kuti anali ndi zipsepse. Sabata yoyamba anandiitana.

"Amayi a kuphiri, pagombe pano aliyense amasambira kukafika pachingwe paja n'kubwerera. Mukalephera, reki ija tipatsa wina."

Ndinkadzuka kusanache kukaphunzira alendo asanatuluke m'zipinda. Ndinamwa madzi a m'nyanja imeneyo okwanira kuthirira dimba la tomato. A Saidi anandiphunzitsa kugona chagada n'kulola madzi kundinyamula, kupuma pang'onopang'ono ndi kupalasa ndi miyendo. Lamulo lawo lalikulu ankalibwereza mpaka kutopetsa:

"Munthu womira musamupatse thupi lanu. Adzakukwerani ngati mtengo, mumire nonse. Mupatseni nkhafi, chubu, chingwe, chilichonse, inu mukhale patali."

Pamene tinkakangana ndi pa zovala. Hotela inatipatsa makabudula abuluu. Ine, mwana wa amayi a Mvano, ndionetse ntchafu pagulu? Boma linali litaloleza amayi kuvala mathalauza, inde, koma boma si amayi anga. Kabudulayo ndinkamuvala mkati, pamwamba ndikumanga chitenje cholimba. M'madzi chinkandikulunga miyendo, ndipo pachingwe ndinkalephera kufika.

"Chitenjecho chidzakuphani, a Esinati," anatero a Saidi.

"Bola kufa nditavala," ndinawayankha.

Tsiku lovuta linafika patchuthi cha mu Julaye. Kunabwera basi yodzaza ndi ogwira ntchito a kampani ina ya ku Blantyre, ndi wailesi zawo, ndi nyama yootcha. Dzuwa lili paliwombo mwera unangobuka. Ndinakweza mbendera, kuliza wezulo mpaka masaya kuwawa. Anyamata awiri omwe anali m'bwato lapulasitiki anatengedwa ndi mphepo, ndipo a Saidi analiza boti la injini kukawakoka, atatenga chubu chathu chopulumutsira anthu.

Apa ndi pomwe ndinamuona mayi wina, wa msinkhu wa achemwali anga. Anali atakhala pachubu cha galimoto, ndipo mafunde anali atamudutsitsa chingwe chija. Funde lina linamugubuduza, chubu n'kuuluka. Sanakuwe. Womira sakuwa, amangotukula mutu n'kubwerera pansi, manja akupalasa ngati akufuna pogwira. Anzake pagombe anayamba kulira, ena kuthamangira uku ndi uku, koma wolowa m'madzi panalibe. Boti linali kutali.

Mantha ndinali nawo, sindinama. Koma ndinati pachulu ndinaimapo kale kamodzi, lero ayi. Ndinathamangira m'madzi osatenga ngakhale nkhafi.

Ndisanafike pachingwe chitenje chinandimanga miyendo monga mwa masiku onse. Ndinamira, kumwa madzi, kutulukanso. Ndinagona chagada, ndikupuma monga anandiphunzitsira, n'kumasula mfundo ya m'chiuno. Miyendo itamasuka ndinaona ngati ndabadwanso. Chitenjecho sindinachitaye. Ndinachiluma ndi mano, n'kupalasa mpaka kudutsa pansi pa chingwe.

Mayi uja atandiona anandilumphira, maso ali tong'o. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kumuponyera nsonga ya chitenje.

"Gwirani ichi, amayi! Musandigwire ine, gwirani nsalu!"

Koyamba anaphonya. Kachiwiri anachigwira ndi manja onse. Ndinakulunga nsonga inayo padzanja n'kumukoka chagada, mafunde akundimenya kumaso, mpaka tonse tinakolekera mikono pachingwe cha zigubu chija. Tinakhala pamenepo tikutsokomola kufikira a Saidi anabwera ndi boti.

Ndinatsika pagombe ndi kabudula yekha, pamaso pa basi yonse ya amuna a ku Blantyre. Ndinayembekeza manyazi, koma sanabwere. Palibe ndi mmodzi yemwe anayang'ana ntchafu zanga. Onse anali pa mnzawo uja, yemwe anali akusanza madzi, chitenje changa akuchifumbatabe osafuna kuchisiya.

A Saidi anangoti, "Pachingwe mwafika, mwapitiriranso. Reki ndi yanu."

Ndinagwira pagombe limenelo zaka zingapo, ndipo kabudula ndinamuvala poyera tsiku lililonse. Chomwe ndinatolapo n'chakuti pantchito ya madzi umavala zimene ntchitoyo ikufuna, ndipo sulowa chimanjamanja kukathandiza munthu amene akumira.

Koma mtima unali m'mwamba nditapita kwathu patchuthi, poti alamu anali ataulula kale zonse pa Migowi. Ndinapeza amayi akupeta nandolo pakhonde. Ndinagwada kuwapatsa moni, ndikudikira kukalipiridwa.

"Ndamva kuti unavula pagulu," anatero.

"Eya, amayi."

"Munthuyo ali moyo?"

"Ali moyo."

Anaika lichero pansi, n'kuyang'ana kuphiri. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi chitenje cha achemwali anga chomwe ankachisunga m'sutikesi chichitikireni zija. Anachiika pamiyendo panga.

"Tenga, mwanaka. Felesi anasowa womuponyera."