Chala cha Tiyi ndi Batire Logwedera

Foni ija ndinagula ku Limbe, ndipo mpaka lero ndimati wogulitsayo ndinam'tulutsa thukuta. Ndinanenerera mtengo, kunamizira kuchoka kawiri konse, mpaka mkuluyo anagwira mutu nati, "Pamenepo ndiye batire ndikuikirani lina." Ine ndinavomera msangamsanga. Batire ndi batire, si choncho? Ndinabwerera ku esiteti ya tiyi ndikuyenda ngati manijala.

Vuto linaoneka tsiku limene mkazi wanga anachira kuchipatala cha pa Boma. Tinali pamzere wa sikelo, madengu a tiyi ali kumsana, pamene uthenga unalowa kuchokera kwa mayi wa bedi loyandikana naye: mwana wamkazi, onse ali bwino, koma mkazi wanu akufuna amayi ake lero lomwe. Ndinakuwa mpaka akapitawo anacheuka. Mzere wonse nthungululu!

Tsono apongozi anga amakhala ku Nsabwe, ndipo galimoto zochokera kumeneko zikadutsa za masana, basi mpaka mawa. Komanso mkamwini sangangoimbira apongozi ngati mnzake wa pabawo, nkhani imadzera kwa alamu. Ndinatsegula polembera, kudina chilembo choyamba, foni thii. Ndinayatsa, kudikira, kudinanso. Thii. Ndinayesa kuimba, nambala yoyamba yomwe, mdima. Ndinaipukuta ndi malaya, kuiuzira mpweya, kuchotsa simu n'kuinyambita, mwina n'kuipempherera pang'ono. Dzuwa likukwera.

Kumbuyo kwanga kunali mayi wina wachikulire amene anayamba kuthyola tiyi ine ndisanamere mano. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a mwana, mukulemba kapena mukupha nsikidzi?"

"Mayi, foni iyi ndi yapamwamba, simungaimvetse."

"Yapamwamba yomagona ikakhudzidwa? Tandionetsani chala."

Ndinatambasula chala chachikulu. Inu, chala cha munthu wothyola tiyi chimauma ngati chikopa cha ng'oma. Galasi la foni silichimva, ndiye ine ndinkakanikiza ndi mphamvu yonse yothyolera nsonga. Mayiwo anatenga foni, kuigwedeza pafupi ndi khutu. Ngakhale ine ndinamva: kwete kwete.

"Batire ili si lake. Likusambira m'kati ngati phazi la mwana mu gambutsi. Mukadina, likuthawa pamalo pake. Anakugulitsani ndani?"

"Ndinachita kunenerera ndekha," ndinayankha, mawu atatsika.

"Zikuoneka."

Mzere wonse unafa nako kuseka. Mayiwo anatsegula chivundikiro ndi chikhadabo, napinda kanayi kapepala kanga ka pasikelo, kolembapo makilo a tiyi amene ndathyola, n'kukapanikiza kumunsi kwa batire.

"Tsopano lembani ndi kachala kakang'ono, kamene sikagwira ntchito. Mokoma, ngati mukugwira tsaya la mwana wanuyo."

Ndinalemba ndi kachala kakang'ono kaja, anthu atandizungulira, aliyense akuwerenga chilembo chilichonse mokweza. Foni sinazime. Posakhalitsa alamu anayankha kuti amayi anyamuka kale ndi chitenje chimodzi, mpango aiwala, akuthamangira kumsewu.

Madzulo ndinawapeza apongozi kuchipatala atanyamula mdzukulu. Sanandiyang'ane kumaso, monga mwa mwambo, koma anauza mwana wawo mokweza kuti ine ndimve: "Bambo a mwanayu ali ndi foni yabwino, uthenga unafika msanga."

Sindinatsutse. Kapepala kaja kakadali momwemo, ndipo kalaliki wa pasikelo anandivutitsa nako sabata yathunthu.