Hatchi Yothamanga Osasuntha

Mkulu wa m'chipinda chapansi ku Annandale, kudziko la eni, amanunkha mahatchi ngakhale Lamulungu kutchalitchi. Amagwira ntchito kukhola la dona wina wolemera, komwe amaphunzitsa hatchi kupondaponda pamalo amodzi ngati ikuthamanga, chonsecho siikusuntha. Azungu amaziombera m'manja zimenezi.

"N'zosavuta," amatero mkuluyo uku akulavulira pambali. "Ndi kamtengo umaiuza kuti pita, ndi chingwe umaiuza kuti ima. Mutu ukaizungulira, ndiye kuvinako."

Chithawireni andale ku Zomba, sutikesi ya mkuluyo yobwererera kwawo imakhala pafupi ndi chitseko, yolongedzalongedza. Amaipukuta fumbi Loweruka lililonse.

Chaka chatha hatchi ija itakalamba, dona analamula kuti aimasule izikadya msipu kudambo. Mkuluyo anaivula chingwe, anatsegula geti, n'kuimenya kambama pathako.

"Pita, iwe! Palibenso wokugwira."

Hatchi inayang'ana dambo lonse lija, inapinda khosi, n'kuyamba kupondaponda pageti pomwepo.

Dona anaseka, amvekere ndi yanzeru bwanji. Mkuluyo sanaseke. Atafika kunyumba anatenga kansanza n'kupukuta sutikesi ija, ngakhale linali Lachitatu.