Maliro Amene Anabisira Gashaw

Wubalem, mwana wamkazi wa malemu Ato Belachew a ku Debre Birhan, anafika zaka makumi anayi ndi chimodzi asakudziwa kunama. Ali kusukulu anzake ankamuthawa akafuna kuchita zachibwana, chifukwa aphunzitsi akangomuyang'ana kawiri ankaulula zonse, n'kuwonjezerapo zimene sanamufunse. Atakula anatsegula kashopu ka fotokope pafupi ndi khoti, ndipo kumenekonso ankathamangitsa makasitomala powauza pamaso kuti kalata yawo njolembedwa mwaumbuli. Mwamuna amene anamukwatira anapirira chilungamo chimenechi zaka zitatu, kenako anasamukira ku Adama, Wubalem n'kubwerera kwa makolo ake. Ndiye m'banja lonse lodzaza ndi akatswiri ophika bodza, ntchito yonamiza Gashaw anaipereka kwa iyeyu, poti ndi amene ankasunga foni.

Gashaw ndi mlongo wake wamng'ono, amene anapita ku America zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Kumeneko amayendetsa takisi mumzinda wa Washington, koma kwathu kuno timangoti "ali ku America," ndipo mawu amenewa amakwanira kukhala ntchito, udindo ndi digiri yomwe. Chithunzi chake ataima pa chipale chofewa chinali pabalaza, pamwamba pa wailesi yakanema.

Ato Belachew anamwalira mu Ogasiti, mvula ili pakati, dzanja lawo lili m'dzanja la Wubalem. Thupi lisanatuluke n'komwe m'nyumba, akuluakulu a banja anali atakhala kale pansi kukambirana za mtima wa Gashaw. Uthenga wa maliro sitiuponya pa foni ngati zotsatira za mpira. Munthu amauzidwa m'mamawa, atadya bwino dzulo lake, atagona, ali pakati pa abale oti amugwire akamagwa. Nanga mwana ali yekhayekha kutsidya kwa nyanja, tsiku lonse ali pa chiwongolero, akamugwira ndani? Gashe Demissie, mkulu wawo wa malemuwo, anagamula kuti nkhani idikire Khrisimasi yathu ya mu Januwale, poti Gashaw anali atagula kale tikiti yodzacheza. Mayi awo a anawa, Emaye Askale, anagwira Wubalem pamkono n'kumuuza kuti: "Mwana wanga asamve ali yekha. Ndalephera kusunga bambo ako, koma ichi chokha ndithandize."

Za mtima wa Wubalem panalibe msonkhano. Zikuoneka kuti mitima yofewa ili ndi anthu okwera ndege, otsalafe yathu njachikopa. Zimenezi zinamuwawa, koma anangoti chabwino.

Gashaw ankaimba Lamlungu lililonse, ndipo akatha kupereka moni ankafunsa za bambo ake kuti Abaye ali kuti. Mlungu woyamba Wubalem anati akugona, mawu akunjenjemera. Mlungu wachiwiri anati apita kutchalitchi. Wachitatu Emaye anabwera ndi nzeru yoti Abaye apita kumapiri, kunyumba ya amonke, kukasamba madzi odalitsika chifukwa cha bondo, ndipo kumeneko netiweki kulibe. Motero Ato Belachew, amene ali moyo ankaima kunja kwa mpanda wa tchalitchi n'kumatsutsana ndi anzawo za ndale mpaka mapemphero kutha, atamwalira anasanduka munthu wopemphera kuposa aliyense m'chigawo chonse. Miyezi isanu yathunthu anali kumadzi odalitsikawo.

Vuto la bodza ndi loti limafuna kudyetsedwa. Munthu sangakhale kumapiri osatumizako mawu, ndiye Wubalem anayamba kupeka mauthenga. "Akuti bondo likuchira." "Akuti uzivala jekete." Tsiku lina atatopa nazo anawonjezera zake: "Akuti chonde ukwatire, wakula." Anapita kukalapa kwa wansembe kanayi, ndipo ulendo wachinayiwo wansembe anamuuza kuti asamavutike, iwonso amubisira mwana wa mlongo wawo wa ku Sweden maliro awiri.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mlendo afike, nyumba inasanduka bwalo la zisudzo. Chithunzi cha malemu chokhala ndi kansalu kakuda anachitsitsa n'kukolekapo kalendala. Emaye anavula zakuda, kuvala diresi loyera, n'kumanga duku mpaka m'maso kuti mutu wometa usaoneke. Ndodo ya malemu anaibisa kuseri kwa kabati, poti munthu wodwala bondo sangapite kumapiri n'kusiya ndodo. Wubalem anayenda khomo ndi khomo kutsina khutu anthu oyandikana nawo: pasapezeke wopepesa, pasapezeke wousa moyo, aliyense aseke. Mayi wina wa nyumba yachitatu, amene amalira ngakhale mbuzi ikatsokomola, anamupempha mwaulemu kuti akaone kaye mwana wake kumudzi.

Gashaw anafika masana pa galimoto yahayala, ndi masutikesi atatu, masaya atatuluka, botolo la madzi lili m'manja ngati kwathu kuno zitsime zinaphwa. Emaye anamukumbatira n'kulira kwambiri, koma zimenezo zinali zololedwa chifukwa zinalowa m'gulu la misozi ya chimwemwe. Anansi anadzaza pakhomo, mano onse pamtunda. Gashaw anadandaula za fumbi la mumsewu, anadabwa kuti kwawo kumazizira chonchi, anafotokoza mmene misewu ya ku America imayendera ina pamwamba pa inzake, ndipo amuna amene anaikira bambo ake m'manda ankangogwedeza mitu kuti eti, eti.

Kenako anatsegula masutikesi. Munatuluka mavitamini a Emaye, mafuta onunkhira a azakhali, jekete la Gashe Demissie, ndi foni ya Wubalem, mwina kuti azinamira pa foni yabwinoko. Pomalizira anatulutsa bokosi, n'kulitsegula pang'onopang'ono. Munali nsapato zakuda, zofewa mkati.

"Izi ndi za Abaye, akuti zimathandiza bondo," anatero Gashaw. "Abwera liti?"

Gashe Demissie anakonza kukhosi. "Mawa m'mamawa, mwana wanga. Zonse zikhala mawa m'mamawa. Tadya kaye."

Ndipo anadya. Inali nthawi yosala nyama, ndiye panali injera, buledi wathu wopyapyala uja, ndi shiro, ndiwo za ufa wa nyemba, basi, koma anadya mbale zitatu, Emaye akumudyetsa ndi dzanja lawo. Wubalem ankamuyang'ana mtima ukuwira. Munthu amene sanachapepo nsalu ya wodwala, sanayendepo pamvula kufuna mankhwala, ndi ameneyu akunyambita zala, anthu makumi awiri atagwira mpweya kuti asamusokonezere tulo. Ankamukonda mlongo wakeyo, koma masana amenewo akanatha kumuponyera nsapato zomwezo.

Cha m'ma folo koloko anathawira kuseri kwa nyumba kukasenda anyezi wa nkhuku ya Khrisimasi. Panali thumba lathunthu, ndipo ntchitoyi anaisankha dala chifukwa wosenda anyezi safunsidwa chimene akulirira. Asanafike patali, Gashaw anatulukira, kukoka kampando, n'kutola mpeni wina.

"Siya mpeniwo iwe, udzicheka," anatero Wubalem. "Kwanu ku America si anyezi amabwera wodula kale?"

Gashaw sanaseke. Anasenda mmodzi, kumuponya m'beseni, n'kunena chapansipansi, akumutchula dzina laulemu la mlongo wamkulu: "Etiye, mawa afika nthawi yanji?"

"Abaye? Wamva kale, m'mamawa."

"Ndikunena akuluakulu odzandiuza. Ndikufuna ndidzakhale nditavala, asadzandipeze ndili mu kabudula."

Mpeni wa Wubalem unaima pakati pa anyezi. Anamuyang'ana, kuyang'ana kukhomo, n'kumuyang'ananso. "Wamva kwa ndani? Ndi mayi wa nyumba yachitatu uja eti? Ndinadziwa kuti sanapite."

"Ndinamva mu Ogasiti, tsiku lachinayi la maliro. Tinali pamzere wa matakisi kubwalo la ndege. Mnzanga wina wa konkuno anangobwera kudzandikumbatira, amvekere Mulungu akulimbitse mtima. Mkazi wake anali ataona chithunzi cha tenti ya maliro pa foni. Ataona mmene ndikumuyang'anira anathawa, mpaka lero akandiona amakhota."

"Ndiye iwe?"

"Ndinalowa m'galimoto, kukweza magalasi. Patapita kanthawi munthu anagogoda, akufuna kupita kuhotela. Ndinamupititsa."

Wubalem akanakonda kukuwa, koma zenera la pabalaza linali lotsegula, ndiye anachita kukalipa monong'ona. "Miyezi isanu, Gashaw. Miyezi isanu ndikuchiritsa bondo la munthu ali m'manda, iwe uli phee kumangoti ndathokoza Mulungu. Ndakalapa kanayi chifukwa cha iwe. Unalibe pakamwa?"

"Ndinaimba Lamlungu lomwelo kuti ndinene. Inu munati akugona. Emaye anali kumbuyo kwanu, ndinkachita kuwamva akupuma. Ndikanati ndadziwa, ndili ndekha m'kachipinda kaja, mukuganiza kuti akanadyanso? Munkandisunga ine, inenso ndinati ndiwasunge iwo."

"Nanga nsapatozi? Misala yanji imeneyi?"

"Mwana wobwera kwawo osawagulira bambo ake kanthu, Emaye akanaganiza chiyani? Ndinasankha ola lathunthu. Wogulitsa anandifunsa ngati mdala wanga amakonda zakuda kapena zofiirira, ine ndinati zakuda." Anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya. "Koma uthenga woti ndikwatire uja munalakwitsa, Etiye. Abaye sananenepo mawu oti chonde chibadwire."

Wubalem anafuna kuseka, chimene chinatuluka chinali china. Anamumenya paphewa ndi kumbuyo kwa dzanja, mwamphamvu ndithu. "Ndiye unkafunsiranji Lamlungu lililonse? Kundizunza?"

"Ayi. Mukati akuti uzivala jekete, ndinkakhala ndi bambo kwa mphindi ziwiri. Ndinkadziwa kuti ndi inu, komabe jeketelo ndinkavala." Kenako anafunsa: "Anavutika?"

Yankho labwino linali lokonzeka kale pakamwa pa Wubalem, loti anangogona osadzukanso, limene banja linagwirizana. Koma anali atatopa. "Anavutika. Masiku atatu. Anakuitana kawiri. Ine sanandiitane, poti ndinali pomwepo."

Anapitiriza kusenda, misozi ikugwera m'beseni. Emaye anasuzumira pakhomo, n'kuwaona onse awiri maso ali psuu. Nkhope yawo inachita mantha.

"Anyezi wa chaka chino ngwaukali, Emaye," anatero Gashaw. "Ndinaiwala."

Mtima wa Emaye unakhala pansi, ndipo anamukalipira Wubalem kuti akugwiritsa ntchito mlendo. Atabwerera m'nyumba, Gashaw anati: "Mawa musandiulule. Ndadikira miyezi isanu kuti munthu andiuze."

Kutacha, dzuwa lisanatuluke bwino, akuluakulu anayamba kulowa mmodzimmodzi atafunda nsalu zawo zoyera, n'kukhala pabalaza osapatsana moni wokweza. Emaye anatuluka atavalanso zakuda, mutu uli pamtunda. Anakamudzutsa Gashaw, amene anatuluka atavala bwinobwino, n'kumukhazika pakati pa amuna anayi amphamvu. Wubalem anaima pakhomo la kukhitchini. Ankaopa kuti mlongo wake achita mokokomeza, kapena achedwa kudabwa, Emaye n'kuzindikira.

Gashe Demissie anali atakonzekera mawu awo kuyambira mu Ogasiti, ndipo sanafune kuti ngakhale amodzi atayike. Anayambira kwa Adamu, kudutsa kwa Yobu, kukhotera kwa agogo awo amene anafa pa nkhondo ya Ataliyana, n'kufotokoza kuti tonse ndife alendo padziko. Khofi akanatha kupsa kawiri. Pomaliza anafika: "Mwana wanga, limba mtima. Bambo ako, mng'ono wanga Belachew, anapuma."

Mantha a Wubalem anali achabe. Kulira kumene kunatuluka mwa Gashaw kunalibe chopeka. Anaimirira, kuitana Abaye kawiri, n'kugwa, ndipo amuna anayi aja anamugwira monga mmene anakonzera. Nyumba yonse inalira naye, anansi anathamangira, ngakhale mayi wa nyumba yachitatu anapezeka kuti ali pomwepo. Emaye anagwira mutu wa mwana wawo n'kuutsamiritsa pachifuwa, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali.

Kulira kutachepa, anthu akukonzeka kupita naye kumanda, Emaye anamupeza Wubalem kukhitchini akukoleza makala. Maso awo anali otupa, koma nkhope inali itamasuka kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro.

"Wamuona mmene anagwera?" anatero. "Zikanamupeza ali yekha kuja, akanamugwira ndani? Ine usiku uliwonse ndinkangopempha chimenechi." Anamugwira pachibwano kuti awayang'ane. "Iwe ndi amene unkalankhula naye. Sanadziwe kanthu eti? Tinamusunga?"

Wubalem anayang'ana mayi akewo m'maso, ndipo mawu ake sananjenjemere.

"Sanadziwe kanthu, Emaye. Munamusunga."