Pampu Yosungidwa M'kabati ya Zovala

Mumsewu wawo munalibe amene ankawaitana ndi dzina la pa chiphaso. Onse ankangoti a Chikadalimba, chifukwa ndilo liwu limene linkatuluka m'kamwa mwawo munthu akawalangiza kuti ataye chinthu. Ukati ambulera yatha, iwo ankati ikadalimba. Ukati chitseko chadyedwa ndi chiswe, ankachigogoda kawiri n'kunena kuti chikadalimba. Dzinalo analilandira osakwiya, mwina poona kuti nalonso lidzalimba.

Anagwira ntchito ku positi zaka makumi atatu ndi zinayi, kusankha makalata ndi kudinda masitampa. Anapuma ali ndi zinthu ziwiri zonyadira: malembo a dzanja lawo, owongoka ngati osindikiza, ndi galimoto yabuluu imene anagula kwa bwana wawo atatopa nayo. Poigula n'kuti ili yakale kale. Tsopano inali itakhala nawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo dzanja la makaniko linali lisanaikhudzepo. Sikuti ankadana ndi amakaniko ayi. Ankangoti munthu womanga bawuti uku akuyankha foni sangamupatse injini yawo.

Loweruka lililonse m'mawa ankavala ovolosi, kuyala katoni pansi, n'kulowa kunsi kwa galimoto, panja n'kungotsala mapazi. Chilichonse chimene achotsa ankachitsuka m'palafini ndi mswachi wakale, kuchipukuta, kuchimangirira kapepala kolembapo tsiku limene chachoka, n'kukachiika pa shelefu m'kanyumba ka kuseri. Mapulagi otha, malamba a injini ong'aluka, mabawuti opindika, zonse zinali pamzere ngati makalata odikira eni ake. Anthu ankati n'kuuma manja, ndipo sankanama kwenikweni. Komabe amene anafunsapo mtengo wa kachitsulo kokwana m'chikhatho ku shopu ya masipeya, n'kubwerera atagwira pakamwa, angawamvere chisoni. Galimoto ikamakalamba mtengo wake umagwa, koma wa masipeya ake umakwera, moti pofika nthawi imeneyi nyali ziwiri zakutsogolo zinali zodula kuposa galimoto yonse.

Kwa zaka zambiri zonsezi zinali zoseketsa chabe. Zinasiya kuseketsa pamene akazi awo anagwa m'khichini ndi sitiroko. Anadzuka, Mulungu ndi wamkulu, koma mkono wamanzere unafa, mwendo unkakokedwa, ndipo mawu ankatuluka mmodzimmodzi. Adokotala anati Lachinayi lililonse azipita ku mafizo, kukawongola ziwalo, kuchipatala cha mbali ina ya tauni. Munthu wotere sungamukweze minibasi. Galimoto yabuluu ija inasanduka miyendo ya mayiwo.

Kawiri inawasiya pamsewu. Ulendo wachiwiri pampu ya madzi inayamba kudontha, injini inatentha, nthunzi ili tolotolo m'boneti, ndipo mayiwo anakhala padzuwa maola awiri amuna awo akupempha madzi m'makomo mwa anthu. Tsiku limenelo ku mafizo sanafike.

Madzulo ake kunabwera mwana wawo woyamba, amene makolowo ankangomuitana kuti Chisamba ngakhale anali mayi wa ana atatu, wogwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi. Anaika bokosi patebulo. Munali pampu yatsopano, ndipo mtengo wake unali pafupifupi penshoni ya bambo ake ya miyezi iwiri.

"Ababa, ndikulankhula mwaulemu, koma mundimve," anatero Chisamba. "Pampu ndi iyi, muiike. Galimoto imeneyi ikadzawajombetsanso amayi kuchipatala, ndibwera kudzawatenga akakhale kwathu. Inuyo mudzatsale ndi zitsulo zanuzi."

A Chikadalimba anadziwa kuti mwanayu sakuseka. Anadziwanso kuti nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri. Mayiwo akanakagona ndi adzukulu, koma malo a nkhalamba yaimuna kunalibe. Zaka makumi anayi ndi chimodzi za ukwati anali asanagonepo nyumba zosiyana, kupatula masiku amene mayiwo anagonekedwa m'chipatala. Anachita mantha, ndipo anavomera zonse.

Koma Loweruka atatsegula boneti n'kuiyang'ana bwino pampu yakale ija, mtima wawo unabwerera kwawo. Chimene chinatha chinali kachikopa kotsekera madzi basi. Anadula kena pa chikuto cha kalendala yakale, kupaka girisi, kumanga mabawuti, ndipo kudontha kunasiyiratu. Tsono munthu angachotse bwanji pampu yamoyo n'kuikapo ya penshoni ya miyezi iwiri? Bokosi lija sanalimatule n'komwe, poti chinthu chomata chimasungika bwino. Kukanyumba ka kuseri anaona kuti kuli chinyontho. Analilowetsa m'kabati ya zovala, pansi pa malaya a kutchalitchi.

Chisamba ataimba foni kufunsa ngati aiika, iwo anayankha kuti, "Galimoto ili bwino tsopano, mwanangu." Bodza sananene. Akazi awo, amene anali pampando pafupi pomwepo, anangowayang'ana ndi diso lija limene linkawadziwa kuyambira ali mnyamata wa njinga.

Inayendadi miyezi isanu ndi itatu osavuta, ndipo Lachinayi lililonse pobwerera bambowo ankaisisita pa chiwongolero. Nthawi zina potenga malaya ankasuzumira bokosi lija n'kumva mtima uli m'malo, ngati mmene amamvera munthu wokhala ndi thumba la ufa losatsegula.

Tsiku lina Lachiwiri m'mawa analiza injini kuti itenthe, n'kumva kulira kwachilendo kutsogolo. Asanazimitse, madzi anali atayenderera pabwalo mpaka kugeti. Atamasula mabawuti ake asanu, pampu ija inatuluka zidutswa ziwiri, kamtsitsi kake ka pakati katadyekeratu. Anaitembenuza uku ndi uku kufunafuna pogwira, koma ngakhale iwo liwu lawo lija linawakanika.

Sanataye mtima. Kunena zoona anasangalala pang'ono, poti tsiku limene anasungira chinthu linali litafika, ndipo nzeru zawo zinali zoti zioneke. Anasamba m'manja ndi sopo, anatulutsa akazi awo pakhonde kuti aonerere, n'kubwera nalo bokosi lija atalinyamula ndi manja awiri. Anadula chomatira ndi kampeni. Pampu inatuluka ili mbee, ikununkha mafuta a kufakitale.

Anaiika pamalo pake. Inakana. Anaitembenuza, inakananso. Anaitulutsa n'kuigoneka pambali pa yakale ija. Yakale inali ndi mabowo asanu a mabawuti, yatsopano anayi.

Iwo akamapita kukagula sipeya ankanyamula chakale m'thumba kuti akafananize pa kauntala, ndipo lamulo limeneli sanaliphwanyepo. Chisamba anangotchula dzina la galimoto, osadziwa kuti mtundu umenewu unatuluka ndi injini ziwiri zosiyana. Akanangotsegula bokosilo tsiku loyamba lomwelo, diso lawo likanaona msanga.

Lachitatu anakwera minibasi, mapampu onse awiri ali m'chikwama, lisiti limene Chisamba anawasiyira lili m'thumba la malaya litapindidwa bwinobwino. Wogulitsa masipeya analiwerenga, n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Madala, lisiti ili ndi la miyezi eyiti yapitayo. Apa pansi palembedwa kuti kusintha ndi masabata awiri."

"Koma sindinaigwiritse ntchito, achimwene. Taonani, ngakhale girisi sanaikhudze."

"Ndikuona, ndipo mwaisunga bwino kwambiri. Mukanabwera sabata yomweyo ndikanakusinthirani, inalipo imodzi ya mabowo asanu. Inapita kalekale. Zimenezo anasiya kutibweretsera. Kuitanitsa kunja ndi miyezi iwiri, mtengo wake kuwirikiza."

"Nanga iyi simungaigule?"

"Ndimugulitsa ndani? Galimoto zimenezi m'tauni muno zatsala zingati?"

Anayenda mashopu ena anayi, kenako kumalo ophwasulira galimoto zakufa, kumene anapeza yofanana ndi yawo ili pa njerwa, injini anachotsamo kale. Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, mapazi akuwawa. Atakhala pansi anayamba kulankhula mozungulira, kuti mwina mawa angopeza takisi mwakachetechete, sabata yamawa chimodzimodzi, pamene akufufuza bwino, ndipo palibe chifukwa chovutitsira mwana ali ndi ntchito zake.

Akazi awo anawasiya amalize. Kenako anati, mawu akutuluka mmodzimmodzi, "Mwabisa pampu miyezi eyiti. Tsopano mukufuna kubisa galimoto yonse? Muimbireni mwana, bambo."

Anaimba. Ananena zonse, za kalendala, za kabati, za mabowo anayi, osasiyako kanthu. Atamaliza, Chisamba anati, "Ndibwera mawa seveni koloko," n'kudula.

Anabweradi pa galimoto yake, atapempha tsiku kuntchito. Anapereka moni kwa onse awiri mwaulemu wozizira. Popita kuchipatala bambowo anakhala mpando wakumbuyo, manja ali pamaondo, osadziwa pokayang'ana. Atabwerera masana, Chisamba sanakhale pansi.

"Ababa, longedzani chikwama cha amayi."

Sanatsutse. Mlandu unali wawo, ndipo ankaudziwa. Analowa kuchipinda n'kulongedza mmene amachitira zinthu zonse: zovala zopindidwa, mankhwala m'timapepala, kapepala kalikonse kali ndi tsiku ndi ola. Misozi inawavutitsa pang'ono polemba, koma malembo sanakhote. Chikwama chitalowa m'buti, anati, "Mwanangu, usanapite ndikuonetse zinthu zingapo. Sindichedwa."

Anayamba ndi kadzutsidwe. Osawakoka mkono wakufawo, phewa limaguluka. Dzanja lako lilowe kumsana, bondo lako litchinge bondo lawo, muwerenge limodzi mpaka katatu. Anamuuza Chisamba ayese. Anayesa, amayi ake anabuula, bambowo anamukonza phazi, anayesanso. Kenako mkono. M'mawa uliwonse sikisi koloko, madzi ofunda, chala chimodzichimodzi, kutambasula ndi kupinda kakhumi, chala chachikulu pomaliza chifukwa ndicho chimawawa. Masana kubwerezanso, asanadye. Madzulo kubwerezanso. Piritsi loyera limafuna m'mimba muli kanthu, lofiira ayi. Tiyi asamwe atagona chagada, amatsamwa. Nsapato yakumanzere iyambe ndiyo. Pochoka pabedi kupita kubafa ndi masitepe khumi ndi anayi, ndipo aziyenda okha, iwe ungokhala kumbuyo, ngakhale akudandaule bwanji, chifukwa ukawanyamula sabata imodzi mwendo umaiwala. Akakhala chete nthawi yaitali si kuti akwiya, akusaka mawu, usawamalizire.

Ola linatha. Chisamba anali atakhala pamphepete pa bedi, dzanja lakufa la amayi ake lili m'manja mwake. Linali lofewa, loyera, zikhadabo zowengedwa bwino, zala zikutambasuka popanda kulimba. Kuchipatala m'mawa uja anali ataona manja a odwala ena atafumbatirana ngati mfundo. Iye amachoka panyumba hafu sikisi, kubwera mdima utagwa, ndipo masana kunyumba kwake kumakhala kopanda munthu.

"Zonsezi mumachita tsiku lililonse?" anafunsa.

"Pali zina, koma ndazilemba. Zili m'thumba la m'mbali."

Chisamba anayang'ana amayi ake. Mayiwo sanasunthe. Anangokhala ngati munthu amene wakhala pampando wake ndipo alibe ulendo.

Anatuluka panja. Makolowo anamva buti ikutseguka, kenako ikutsekeka. Anabwerera ndi chikwama chija n'kuchiika pabedi. Maso ake anali ofiira, koma mawu sanafewe.

"Amayi akhala. Lachinayi ndizibwera ine, ndikalephera nditumiza takisi, ndipo simudzanena kuti ndi kuwononga ndalama. Koma ababa, galimoto ija yatha. Ngakhale mutaipeza pampu ya mabowo asanu, amayi sadzakweramonso, ndipo inunso ayi. Ndipeza woigula. Makiyi mundipatse."

A Chikadalimba anaima chilili. Pawindo galimoto ija inkaoneka, boneti ili yasaa, masipanala ali pamzere pa katoni pomwe anawasiya Lachiwiri. Anaikonda galimoto imeneyo, ndipo sanachite manyazi kuti mtima ukuwawa. Anapisa m'thumba la buluku. Kuchotsa kiyi wa galimoto pa mphete ya makiyi a nyumba kunawatengera nthawi, koma palibe anawathandiza ndipo palibe anawafulumizitsa. Anamupatsa mwana wawo ndi manja awiri.

Kenako anayang'ana wotchi yapakhoma, n'kuona kuti nthawi ya masana ya mkono yadutsa ndi theka la ola. Anapita kukhichini kukatenthetsa madzi.