Tsiku Limene Ndinadutsa Pakhomo pa Azakhali

Ine ndimayendetsa basi mu Glasgow muno, ndipo kuntchito palibe angandinene za kuchedwa. Basi ikayenera kunyamuka pa Partick 7 koloko imanyamuka 7 koloko, ngakhale wina akubwera chothamanga ambulera ili m'manja. Koma ndikangovula yunifomu ndimasanduka munthu wina. Kunyumba kwathu ku Govan, mkazi wanga ndi mwana wathu wamkazi, yekhayo amene tili naye, ananditcha dzina lakuti "Tikupita Pompano", chifukwa ndikanena mawu amenewa potuluka m'tchalitchi, iwo amadziwa kuti kwatsala ola lathunthu la moni.

Mwanayo ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, a kusukulu anamutengera pamodzi ndi anzake ku kaphiri kapulasitiki ka m'paki ina kufupi ndi kwathu, kumene ana amaphunzirira kutsetsereka atamanga timatabwa titalititali kumapazi, timene amati masikii. Anabwerako mawondo atasupuka koma nkhope ikuwala. Anati anzake amapita ndi makolo awo ku mapiri a ku France, kumene amatsetsereka pa sinoo weniweni, madzi oundana oyera ngati ufa, kuchokera pamwamba m'mitambo.

"Adadi, ifenso tidzapita?"

"Tidzapita," ndinatero, ndikudya.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa pa mawu amenewo. Chaka china kunagwa maliro kumudzi, china kunali ukwati wa mwana wa mnzanga, china msonkhano wa mpingo umene sukanatheka popanda ine, kapena ndimo ndinkadziuzira. Mwanayo anasiya kufunsa. Ndikayamba ndekha kuti chaka chamawa ndiye basi, ankangoti, "Aye, right," maso ali pa foni. Amene anakhalako ku Glasgow amadziwa kuti mawu amenewa, ngakhale amamveka ngati kuvomera, amanenedwa kwa munthu amene bodza lake latopetsa. Ankandilasa mumtima.

Chaka chake chomaliza asanapite ku yunivesite ndinati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, langali lidule wanga. Ndinagula tikiti ya sitima yowolotsa galimoto panyanja kuchokera ku Dover kupita ku France, ndinapeza kanyumba kogona m'phiri masiku anayi a tchuthi cha Pasaka, ndipo ndinasindikiza mapepala onse n'kuwaika pa tebulo. Anawawerenga kawiri. Kenaka anathamangira kuchipinda, ndipo ndinamumva akukuwa pa foni ndi mnzake m'Chingerezi chothamanga chimene ine ndimatolamo liwu limodzi pa atatu.

Masabata otsatira m'nyumba munali ngati mukukonzedwa ukwati. Ndinabwereka bokosi la padenga la galimoto. Ndinagula matcheni omanga ku matayala kuti asaterereke pa sinoo, n'kumayeserera kuwamanga pamsewu wa kwathu mvula ikundivumba, aneba akusuzumira pa mawindo. Mkazi wanga anagula majekete okhuthala oti munthu ukavala manja sakhudza m'nthiti. Ine mapu ndinawaloweza ngati vesi la Sande sukulu. Ndinali wokondwa, ndipo sindibisa, ndinkadzimva kuti ndine bambo weniweni.

Cholakwa changa ndinachichita Lamlungu. Kwathu munthu suchoka ngati wakuba, umatsanzika. Ndiye itakwana nthawi ya zolengeza ndinaimirira n'kuuza mpingo kuti tili pa ulendo, atikumbukire m'mapemphero. Ndikanalekera pomwepo. Koma chisangalalo chinandikwera m'mutu, ndinayamba kutchula njira yonse, tauni ndi tauni: Carlisle, Preston, Coventry, Luton, mpaka Dover. Mkazi wanga anandikoka jekete, ine ndinaganiza kuti akundikonza kolala.

Pofika madzulo foni inali itatentha. Mchimwene wa mkulu wa mpingo wathu, amene amakhala ku Preston, anati wamva kuti tidutsa, ndipo sangalole kuti tidutse ndi njala. Mnzanga wa ku sekondale ku Coventry anati mkazi wake wayamba kale kukanda mandasi. Womaliza kuimba anali azakhali a ku Luton, mlongo wawo wa malemu bambo anga. Amenewa ndi amene anandilandira nditangofika m'dziko muno ndi sutikesi imodzi. Ndinagona pabalaza pawo miyezi isanu ndi itatu, ndipo jekete langa loyamba la m'nyengo yozizira anandigulira ndi iwo. Iwo sanapemphe n'komwe. Anangoti, "Nkhuku ndagula, ya chikuda, ndachita kuyitanitsa. Mufika nthawi yanji?"

Mwana wanga anamva zonsezi ali pakhomo la khitchini.

"Dad, sitima inyamuka 7 koloko madzulo, ndipo akufuna tifike 6 isanakwane," anatero, akusakaniza zinenero monga amachitira akakwiya. "Ndi Pasaka, sitima zonse ndi zodzadza. Tikaiphonya, just turn round. Tibwerere kunyumba."

Ndinamuwerengera pa zala. Ulendo wa ku Dover ndi maola asanu ndi atatu. Tikanyamuka 6 koloko m'mawa titsala ndi maola anayi osewera nawo. Paliponse tingoima mphindi khumi, moni basi.

"Aye, right," anatero.

Tsiku la ulendo tinatuluka 6 koloko yeniyeni, n'kupeza anthu asanu a kumpingo ataima pa galimoto, abwera kudzatiperekeza. Munthu wakudzukira m'mamawa m'chisanu sungamuuze kuti afupikitse pemphero. Anapempherera matayala, mabuleki, nyanja, ndi dziko la France lonse. Tinanyamuka 7 koloko itadutsa.

Koma titalowa mumsewu waukulu mtima unayera. Dzuwa linatuluka pa zitunda za kumwera, tiana ta nkhosa tili mbuu m'madambo, galimoto ikungoyenda myaa ndi bokosi lake pamutu. Mkazi wanga anayambitsa nyimbo ya kwaya, ine ndinalowa ndi besi, ndipo ndinaona pa kagalasi kuti mwana wachotsa chomvera nyimbo chimodzi m'khutu. Titawoloka malire kulowa mu England tinaimba m'manja tonse atatu, ine ndi dzanja limodzi pa ntchafu.

Ku Preston mphindi khumi zija zinathera pa kuvula nsapato ndi kufunsana za kumudzi. Kenaka kunabwera madzi osamba m'manja. Madzi akabwera nkhani yatha, sungaimirire. Tinadya mpunga ndi nyama ya mbuzi 10 koloko m'mawa, ndipo mwini nyumba anatulutsa zithunzi za nyumba imene akumanga ku Area 25. Tinachoka patatha ola ndi theka, atatipatsira nyama yotsala m'kontena.

Ku Coventry ndinalowa ndikunena kuti sitikhala pansi. Mnzanga anaseka mpaka kugwira khoma. Anati, "Iwe, unayamba liti Chizungu chotere?" Ndinakhala pansi. Tiyi anabwera, mandasi anabwera, kenaka kunatulukira aphunzitsi athu akale a masamu amene sindinadziwe kuti ali m'dziko muno. Ndinacheza, ndinaseka, ndinaiwala. Nditatembenuka ndinapeza mpando wa mwana wanga uli wopanda munthu. Anali atakhala kale m'galimoto, lamba atamanga, akuyang'ana kutsogolo.

Kuchokera pamenepo m'galimoto munalibe nyimbo. Foni yolozera njira inkanena kuti tikapanda kuimanso tifika pa Dover kutatsala mphindi khumi kuti 6 ikwane. Zikwangwani za ku Luton zinayamba kuoneka. Mkazi wanga anayankhula chapansipansi, osandiyang'ana.

"Bambo ake, mapanga awiri avumbwitsa."

Ndinadziwa. Koma pakhomo pa azakhali ndinali ndisanadutsepo osaima chibwerereni m'dziko muno. Ndinkawaona m'maganizo atavala epuloni yawo, akusuzumira pa windo, mbale zabwino za alendo zili pa tebulo. Ndinayang'ana pa kagalasi. Mwana sanali kulira, sanali kukwiya. Anali atavula chipewa chaubweya chimene anavala kuyambira ku Govan, n'kuchipinda bwinobwino pa miyendo, ngati munthu amene wamaliza nazo. Kupinda chipewa kumeneko ndi kumene kunandiopsa.

Njira yokhotera ku Luton inafika kumanzere. Dzanja langa linapita lokha pa indiketa. Ndinalibweza, n'kuponda mafuta.

"Adadi, mwadutsa," anatero mwanayo patapita kanthawi.

"Ndadutsa."

Mkazi wanga anaimba foni n'kuiika poti tonse timve. Ndinapepesa ndi mawu onse amene ndimawadziwa. Azakhali anandisiya ndilankhule mpaka ndinamaliza.

"Ndiye mwadutsa," anatero. "Kuthamangira sinoo. Sinoo ali mufiriji mwangamu, mukanabwera ndikanakupalirani. Yendani bwino." Foni inaduka.

Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinayendetsa mtunda wautali ndikuona msewu mwachimbuuzi. Kenaka ndinamva dzanja likundigwira paphewa kuchokera kumbuyo. Silinachoke mpaka titawoloka mtsinje wa Thames.

Pa Dover tinafika kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Atatipatsa kapepala kopachika pa galasi, mwana anakuwa, mkazi wanga anaimba nthungululu m'galimoto yotseka mawindo, makutu anga mpaka kulira. Tili pamzere tinakumbuka kuti nyama munthu saloledwa kuwoloka nayo, ndiye tinatsegula kontena ya ku Preston n'kuyamba kudya mbuzi ndi manja, kachiwiri tsiku limenelo. Mkazi wanga anagawirako banja la m'galimoto yoyandikana nayo, ndipo bambo wa banjalo anabweranso kudzafunsa ngati yatsalako.

Tinagona tsidya linalo, m'mawa n'kupitiriza. Ine chibadwire ndimayendetsa kumanzere, ku Malawi ndi ku Scotland komwe, ndiye ku France mkazi wanga anasanduka kondakitala. Pa raundabauti iliyonse ankati, "Kumanja, bambo ake, kumanja," mwana n'kumavomera kumbuyo ngati kwaya. Tinayenda tsiku lonse m'minda yosalala yopanda malire. Chakumadzulo, titakhota penapake, ndinaona zoyera m'mwamba n'kunena kuti kukubwera mvula. Mwana anati, "Dad, si mitambo imeneyo." Ndinaimika galimoto pambali. Ine ndinakulira kufupi ndi phiri la Mulanje ndipo ndinkayesa kuti mapiri ndimawadziwa. Tinatuluka tonse n'kungoima, kenaka tinayamba kuseka. Matcheni aja sindinawamange n'komwe, msewu unali wopalidwa mpaka pakhomo.

Za kutsetsereka kwanga sindinena zambiri. Nsapato zake n'zolimba ngati zoumba ndi simenti, ndipo mphunzitsi wathu, mtsikana woleza mtima, anandiika m'gulu limodzi ndi tiana ta zaka zisanu timene tinkandidutsa uku ndi uku. Ndinagwa chagada, chammbali, ndi njira ina imene mpaka lero sindiimvetsa. Mkazi wanga anayesa tsiku limodzi, n'kunena kuti Mulungu anamupatsa mapazi okwanira kale, ndipo anakakhala padzuwa ndi kapu ya chokoleti.

Tsiku lachiwiri ndinali nditakhala pa sinoo pansi pa phiri, ndikupuma, pamene ndinaona kadontho kofiira kakutsika kuchokera kumwamba kwenikweni. Kankakhota uku, kukhota uko, kosathamanga, kosaopa. Ndinazindikira chipewa chija. Anafika n'kuima patsogolo panga mokhota, sinoo n'kundiwaza kumaso. Ankapuma mwamphamvu, masaya akunjenjemera ndi kuseka. Ndinali nditamujambula pa foni kuyambira pamwamba. Sindinamuonepo ali wokondwa chotero, ndipo ndinachita manyazi poganiza kuti ndinamudikiritsa zaka zisanu ndi chimodzi.

Pobwerera, titangotsika sitima pa Dover, iye ndi amene anati, "Adadi, tidzere kwa agogo."

Azakhali anatsegula chitseko, anakumbatira mkazi wanga, anakumbatira mwana, ine anangondipatsa nsonga za zala. Nkhuku ija anali ataisunga mufiriji sabata yonse, ndipo anaitenthetsa osandiyankhula. Tili pa tebulo mwana anasendera pafupi nawo, n'kunena m'Chichewa chake chopindika, "Agogo, pepani tinadutsa. Taonani kumene tinapita." Anawapatsa foni yanga.

Azakhali anavala magalasi. Anaonera kadontho kofiira kaja kakutsika phiri mpaka kufika pa nkhope yoseka. Anati abwezerenso. Anaonera katatu, kachitatuko chala chawo chikutsatira mwanayo pa galasi la foni. Kenaka anavula magalasi n'kundiyang'ana koyamba tsiku limenelo.

"Unachita bwino kudutsa," anatero. "Koma usadzayambirenso."

Anatenga supuni n'kuvuula nthutumba mumphika. Zaka zonse zimene ndadya pakhomo pamenepo, nthutumba imabwera m'mbale mwanga, monga mlendo wolemekezeka. Tsiku limenelo anaidutsitsa pamaso panga n'kuiika m'mbale ya mwanayo. Iye nthutumba sadya, amati imalimba ngati labala. Anaiyang'ana, anayang'ana agogo ake, kenaka anatenga mpeni n'kuidula pakati. Theka anadya, theka linalo anaika m'mbale mwanga.