Ndinabooletsa Mapisitoni a Galimoto ya Apongozi

Inu owerenga, ine ndine munthu wamkulu, wandevu zanga, koma ndinalola munthu wowotcherera mageti kuti aboole injini ya apongozi anga. Ndikulemba mtima ukuwira, ndipo palibe chimene ndawonjezerapo.

Apongozi a ku Chelstone anandipatsa kiyi kuti ndikakonzetse galimoto yawo, chifukwa ndi imene inkayenera kunyamula mkwatibwi, mng'ono wa mkazi wanga, kupita naye kutchalitchi ku Woodlands. Pa akamwini onse anakhulupirira ine. Vuto lake linali laling'ono, kufooka pachitunda basi.

Ndinapita nayo ku Kabwata kwa ba Chanda, mnzanga wa mageti uja, amene Loweruka amadzitcha makanika. Atamasula injini anandionetsa vidiyo pafoni. Akuti eni magalimoto ampikisano amaboola timabowo pamwamba pa pisitoni, kuti mpweya wamoto uzilowa kuseri kwa ring'i n'kuikankhira kukhoma la silinda, mphamvu isamathawe.

"Mudala, iyi motoka izambululuka," anatero. "Bapongozi bazakugulilani suti."

Chimene sanandiuze n'chakuti timabowo timeneti amaboola ndi makina oyeza bwino, komanso injini zotero amazimasula pafupipafupi, poti mwaye umatseka timabowoto ndipo maring'i amatha msanga. Ba Chanda anangotenga dirilo ya mageti, pisitoni ataipana ndi mawondo, diso limodzi atatsinzina. Bowo lina ndinasuzumiramo n'kuona akazi awo akuchapa kuseri kwa nyumba. Zoonadi. Koma ndinawalola apitirize, poganiza za suti.

Tsiku laukwati galimoto inalira mwaukali moti agalu a ku Chelstone anabwera kudzapepesa. Titangolowa mumsewu waukulu, utsi uja! Oyenda pansi ankagwirana manja kuti asatayane. Mkwatibwi anakwera ali mbee, koma ndikamayang'ana pagalasi ndinkaona munthu wogulitsa makala atanyamula maluwa. Kenaka injini inatsokomola, n'kuzima.

Mwana wa eni ake anamaliza ulendo pa minibasi ziwiri, akulira, kondakitala akukuwira mkwatibwiyo kuti, "Ba nabwinga, sendelani kumbuyo, dilesi yadya mipando ibili!"

Apongozi sanakalipe, ndiye chowawa kwambiri. Anangotambasula dzanja n'kunena kuti, "Bweretsani kiyi, bambo. Tinakutumani kukonza galimoto, osati kupanga sefa."

Ndipo mumve chipongwe chake. Ba Chanda mpaka lero amati mabowo anachepa. Anachepa! Munthu ameneyu akuyendabe momasuka m'Lusaka muno, ndi dirilo yake.

Inu owerenga, galimoto yopitira kumsika ndi kutchalitchi si yampikisano, isiyeni momwe anaipangira. Makanika akatulutsa foni asanatulutse sipanala, tolani kiyi muzipita. Ngati nzeru zikukuyabwani, yeserani pa chanu, osati cha kuchipongozi. Ine pano pazochitika za pabanja ntchito yanga ndi kunyamula mipando yapulasitiki, ndipo ndikaitula apongozi amaiyendera umodziumodzi, atavala magalasi.